Kudzudzula, Ndemanga ndi Kuunika: Dzina la Ntchito ya Wowerenga Mabuku

Pali ntchito ina imene anthu okonda mabuku amaichita masiku onse, koma m'Chichewa cholembedwa ilibe dzina lokhazikika. Munthu akatsiriza kuwerenga buku sakhala chete. Amauza mnzake zimene wapezamo, pamene pamukomera, pamene mlembi wafooka, ndiponso ngati bukulo n'loyenera kulitayira ndalama. Zimenezi zikalembedwa m'nyuzipepala Angerezi amati review, ndipo zikazama n'kulowa m'maphunziro amati criticism. Ife tikafuna kunena zomwezi timangosinthasintha mawu: lero kudzudzula, mawa ndemanga, mkuja kusanthula kapena kuzukuta. Ena angaone ngati nkhaniyi njochepa, yongotayitsa nthawi akatswiri a mawu. Ine ndikuona kuti kusowa kwa dzinaku kukuyenda pamodzi ndi kusowa kwa ntchito yeniyeniyo, pakuti n'kovuta kuti mkonzi wa nyuzipepala apatule tsamba la chinthu chimene sadziwa kuti pamwamba pake alembepo mutu wanji.

Mawu atsopano ndi bwino kuwayesera kwa anthu amene Chichewa si chiyankhulo cha pakhomo pawo, chifukwa iwo sabisa pamene mawu akuvuta kumva. N'chifukwa chake nkhaniyi ndaiika m'tauni ya Nkhata Bay, kumene pamsika ndi padoko anthu amasakaniza Chitonga, Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo mwana amakumana ndi Chichewa cholembedwa makamaka kusukulu. Pali chifukwa chinanso. Boma limeneli ndi limodzi mwa madera amene kuwerenga kunayamba kale kwambiri m'dziko muno. Mishoni ya Livingstonia inasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika ku Bandawe mu 1881, ndipo Atonga analandira sukulu ndi manja awiri. Ambiri amaiwala kuti zaka za ku Bandawe zomwezo ndizo zinatipatsa Chipangano Chatsopano cha m'Chinyanja chomasuliridwa ndi Robert Laws, cha mu 1886, ndi kuti Laws yemweyo anatulutsa dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja mu 1894. Choncho zilembo za chiyankhulo chathu zinafika m'mbali mwa nyanja imeneyi zaka zoposa 80 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress Party wa mu 1968 usanagamule kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chiyankhulo cha fuko lonse.

Anthu amene kwawo ndi m'derali sanali owerenga chabe. Clements Kadalie, wa m'mudzi wa Chifira, anakhazikitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mumzinda wa Cape Town mu 1919, ndipo mbiri ya moyo wake, My Life and the ICU, inasindikizidwa ku London mu 1970, iye atamwalira kale mu 1951. Kanyama Chiume, wobadwira ku Usisya, analemba buku la Kwacha limene linatuluka ku Nairobi mu 1975, nthawi imene iye anali kunja kwa dziko chithawire chisokonezo cha nduna cha mu 1964. Aleke Banda, wa ku Tukombo, anali mkonzi wa Malawi News nyuzipepalayo itangoyamba mu 1959, ndipo mu 1993 anakhazikitsa The Nation. Pa mabuku olembedwa ndi alendo pali The Politics of Kinship la Jaap van Velsen, la mu 1964, lofotokoza za ubale ndi kakhalidwe ka Atonga a m'mbali mwa nyanja, komanso lipoti la Devlin limene linafotokoza za kuomberedwa kwa anthu padoko la Nkhata Bay pa 3 Marichi 1959.

Mabuku onsewa ali m'Chingerezi. Mayi wogulitsa usipa pafupi ndi pamene sitima ya Ilala imakocheza, amene sukulu analekezera ku pulayimale koma amawerenga Baibulo lake bwinobwino, alibe njira yodziwira zimene Kadalie ananena za iye mwini, kapena zimene van Velsen analemba za makolo a mayiyo. Kumasulira mabuku otere ndi ntchito ya zaka ndi ndalama zambiri. Koma kulemba masamba awiri m'Chichewa kapena m'Chitonga, ofotokoza zimene zili m'bukumo ndi kuweruza ngati mlembi wanena zoona, ndi ntchito ya mlungu umodzi. Apa ndi pamene ndikufuna tigwirizane msanga: ntchito imene tikuifunira dzinayi siyenera kutsekeredwa ku mabuku a Chichewa okha. Chofunika ndi chiyankhulo chimene wowerenga akuuzidwiramo za bukulo.

Tsono tiyeni tione mawu amene alipo, kuyambira ndi amene awononga kwambiri, kudzudzula. Mawuwa amapezeka kawirikawiri pomasulira criticism, ndipo pa nkhani za ndale amagwira bwino ntchito. Pa nkhani za mabuku ndi olakwika. Kudzudzula kumafuna zinthu ziwiri: wolakwa, ndi wina amene ali ndi udindo pa wolakwayo. Kholo limadzudzula mwana, mfumu imadzudzula wakuba nkhuku, mbusa amadzudzula mkhristu wosochera. Munthu sadzudzula chinthu chabwino. Tikatcha wowerenga wozama kuti ndi wodzudzula mabuku, taneneratu kuti ntchito yake ndi kufuna zifukwa, ndipo mlembi aliyense adzamuona ngati mdani. Tikumbukirenso kuti mawuwa ali ndi mbiri yake m'dziko muno. Lamulo loyang'anira mabuku ndi zisangalalo la mu 1968 linabala bungwe limene linkasankha zoti Amalawi awerenge. Buku la Chiume silikanagulitsidwa poyera kwawo komwe. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, la mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo mwini wake anakhala m'ndende kuyambira mu 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mbadwo umene unakula nthawi imeneyo unaphunzira kuti buku likanenedwa zoipa ndiye kuti mlembi wake ali m'madzi. Mantha amenewo sanathe ndi zisankho za mu 1994, ndipo mawu oti kudzudzula amawadzutsa.

Mawu oti kutsutsa sindichedwa nawo, poti anatengedwa kale ndi nyumba ya malamulo, ndipo wowerenga akamva za wotsutsa buku aganiza za chipani.

Ndemanga ndi mawu okoma, ndipo nyuzipepala zathu zinawazolowera pa maganizo a mkonzi. Vuto lake lili mbali inayo. Pabwalo la milandu kapena pamsonkhano wa m'mudzi, wothira ndemanga amabwera nkhani itakambidwa kale, ndipo kawirikawiri amaikira kumbuyo zimene mnzake wanena. Ndemanga imapendekera ku kuvomereza monga momwe kudzudzula kumapendekera ku kukana. Zotsatira zake timaziona pa miyambo yokhazikitsa mabuku atsopano, pamene mlendo wolemekezeka, amene mwina bukulo walilandira m'mawa womwewo, amayamikira mlembi, kulimbikitsa achinyamata kuti azikonda kuwerenga, n'kugula buku loyamba pa mtengo wokwera. Mtolankhani amalemba za mlendoyo ndi za ndalamazo. Za m'kati mwa buku simumva. Imeneyo ndi ndemanga ndithu, ndipo ili ndi malo ake, koma wowerenga wa ku Nkhata Bay amene akuganiza ngati akwere minibasi ulendo wa makilomita pafupifupi 50 kupita ku Mzuzu kukafuna bukulo sanathandizidwe.

Kusanthula ndi kuzukuta ndi mawu amene sukulu inawatenga n'kuwalera bwino. Aphunzitsi a Chichewa m'sukulu za sekondale anagwira ntchito yotamandika popeza mawu monga ampangankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa nkhani ndi mfundo zikuluzikulu, kotero kuti lero wophunzira angathe kukamba za kapangidwe ka nthano popanda kubwereka Chingerezi. Ndikuganiza kuti kusanthula kukhale dzina la ntchito yozama ya m'maphunziro, imene imamasula buku chiwalo ndi chiwalo. Komabe kusanthula kwa kusukulu kuli ndi malire amene tiyenera kuwavomereza. Kumachitika pa mabuku okhawo amene asankhidwa kuti abwere pa mayeso, ndipo sikufunsa funso loyamba la wowerenga aliyense, loti kodi bukuli n'labwino? Buku likasankhidwa ndi unduna wa maphunziro, ubwino wake umakhala ngati wagamulidwa kale. Wophunzira amaloweza mayina a ampangankhani, nthawi zina kuchokera m'manotsi osaliona n'komwe bukulo, ndipo mayeso akatha kucheza kwake ndi mabuku a Chichewa kumathera pomwepo.

Chitsanzo chabwino ndi Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, limene linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures n'kusindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young, mmishonale wa Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi pa mutu woti Man of Africa, ndipo mawu oyamba analemba Julian Huxley. Taonani mmene zinayambira: buku limene ambiri amalitenga ngati chiyambi cha nthano zazitali za m'chiyankhulo chathu linayamba kuweruzidwa ndi alendo, m'chiyankhulo chachilendo, kwa owerenga a ku Ulaya. Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindikunyoza zimene alendowo anachita. Chondidetsa nkhawa n'chakuti chizolowezicho chinakhazikika. Akatswiri athu omwe, monga Steve Chimombo, Pascal Kishindo ndi Francis Moto, amene buku lake la Trends in Malawian Literature linatuluka mu 2001, zambiri zimene analemba zokhudza mabuku a Chichewa anazilemba m'Chingerezi, chifukwa ndicho chiyankhulo cha yunivesite ndi cha magazini a maphunziro. Ngakhale pa wailesi ya MBC, pulogalamu imene inatchuka pa kukambirana zolembalemba, ya Writers' Corner, inali ya Chingerezi, pamene ya Tiphunzitsane Chichewa inkalimbana ndi kayankhulidwe ndi kalembedwe koyenera.

Nanga wowerenga wokhwima akanati alembe za Nthondo m'Chichewa, osaopa mayeso, akananena zotani? Ine ndikanayamba ndi kunena kuti mphamvu ya bukuli ili pa moyo wa m'mudzi. Ntara ankadziwa mmene anthu amayankhulira pa milandu, pa maliro ndi pa kulera mwana, ndipo Nthondo wopulupudza, wakuba, wovutitsa abale, ndi munthu wamoyo amene wowerenga amamuona ndi maso. Ndikanapitiriza kunena kuti nkhani ikamayandikira kutembenuka mtima kwa Nthondo, dzanja la mphunzitsi wa mishoni limayamba kuonekera kuposa dzanja la mlembi, ndipo munthu amene tinamudziwa m'zofooka zake amasanduka phunziro. Wina angatsutse zimenezi, ndipo ayenera kutero, pakuti kwa Ntara ndi owerenga ake oyamba kutembenukako ndiko kunali mutu wa nkhani yonse. Wowerenga wa ku Nkhata Bay akanabwera ndi funso lakelake, lokhudza ulendo wokafuna ntchito kutali. Kwawoko ulendo wotere ndi nkhani ya banja lililonse, kuyambira masiku a Kadalie mpaka achinyamata a lero opita ku Joni, ndipo mawu oti machona sachita kuwafunsa tanthauzo. Van Velsen anaona kuti maulendowa sanaphwasule midzi ya Atonga monga ambiri ankaganizira, koma anathandiza kuisunga. Kodi Nthondo akamachoka kwawo n'kubwerera, Ntara akuona chimodzimodzi, kapena kwa iye kutali ndi kumene munthu amakaonongekera? Funso lotere silibwera pa mayeso, komatu ndi limene lingapangitse munthu wa zaka 40 kutsegulanso buku limene analisiya ali Fomu 4.

Ntchito imeneyi, yonena zabwino ndi zofooka pamodzi, yolankhula kwa munthu wamba amene bukulo sanaliwerenge, ndiyo ndikupempha kuti tiitche kuunika buku, ndipo woichitayo akhale wounika mabuku. Mneniyu ndi wachibale wa muuni, ndipo sapendekera mbali. Wounika m'nkhokwe amaona chimanga ndi anankafumbwe omwe. Dokotala akaunika wodwala sitinena kuti wamudzudzula kapena wamuyamikira. Kunyanja mawuwa ndi a ntchito ya usiku uliwonse, pamene asodzi a chilimira amayatsa nyali pabwato kuti usipa usonkhane, ndipo aliyense wokhala ku Nkhata Bay amadziwa mzere wa nyalizo pamadzi mwezi ukakhala kumdima. Tanthauzo lachiwirili, la kuwala kumene kumaitana, likugwirizana ndi ntchito ya wounika mabuku, amene cholinga chake china ndi kusonkhanitsa owerenga. Ndiponso mawuwa si achilendo pa chikuto cha zosindikizidwa, poti Sinodi ya Nkhoma inatcha magazini yake Kuunika.

Pali zovuta ziwiri zimene sindingazibise. Choyamba, dzina lochokera ku mneniyu limene lafala ndi kauniuni, koma limeneli linakondedwa ndi olemba nkhani za katangale ndi za kufufuza ndalama za boma, mwakuti kauniuni wa buku angamveke ngati mlembi akuganiziridwa kuti waba. Ndi bwino tilisiye kumeneko. Ena angafune kupanga dzina latsopano pophatikiza aphatikiri, koma mawu opangidwa pa desiki kawirikawiri amafera pa desiki pomwepo, ndipo mutu woti Kuunika Mabuku pamwamba pa tsamba ndi womveka kale. Nkhani yolembedwayo ingatchedwe nkhani younika buku, ngakhale kuti mawuwo ndi atatu. Chachiwiri, kuunika kumagwiritsidwanso ntchito pa malamulo ndi ndondomeko, monga pamene timamva kuti boma liunikanso lamulo lakutilakuti. Apa sindikuonapo choopsa. Angerezi nawo mawu awo oti review amasenza matanthauzo onse awiri, ndipo sasokonezeka.

Dzina likapezeka, funso lotsala ndi la malo. Masamba a Chichewa alipo: Tamvani m'nyuzipepala ya Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News akhala akufikira anthu amene Chingerezi chimawavuta, ndipo magazini ya Moni, imene inayamba mu 1964, inalera owerenga ambiri. Masamba otere amapeza malo a mpira, a oimba, a malangizo a m'banja ndi a nthano zazifupi. Nkhani younika buku imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ikapezeka kawirikawiri imangobwereza nthano yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ngati kuti wounika ntchito yake ndi kupulumutsa anthu kuti asawerenge. Akonzi angayankhe kuti mabuku atsopano a Chichewa ndi ochepa, ndi kuti chitsekedwere masitolo a Malawi Book Service m'zaka za m'ma 1990 munthu wa m'maboma alibe kogula. Yankho limeneli lili ndi choona chake. M'tauni ngati ya Nkhata Bay mabuku amene maso amakumana nawo msanga ndi a sukulu, Mabaibulo, a nyimbo za m'tchalitchi, ndi nthano za Chingerezi zosiyidwa ndi alendo odzaona nyanja m'malo ogona a ku Chikale. Koma kuunika sikudikira buku latsopano. Mabuku a John Gwengwe monga Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo, Njala Bwana la Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba ndi Kalenga ndi Mnzake la Josiah Phiri ndi atsopano kwa aliyense wobadwa m'zaka za m'ma 2000. Wosindikiza sangaganize zotulutsanso buku limene palibe akulitchula. Chipasupasu, kumasulira kwa Benedicto Wokomaatani Malunga kwa buku la Chinua Achebe la Things Fall Apart, chikufunika wounika wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri amene anganene pamene miyambi ya Aigbo yakhala bwino m'Chichewa ndi pamene yakana.

Tisaiwalenso kuti kuwerenga kwambiri lero kukuchitikira pa foni. Nthano zazitali za m'Chichewa zimatuluka zigawozigawo pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo ndakatulo anthu amazimva pa wailesi ndi pa intaneti kuposa kuziona pa pepala. Owerenga ake ndi ambiri, ndipo samachita manyazi kunena kuti gawo ili lakoma, ili latalika, mpangankhani uyu wasintha khalidwe popanda chifukwa. Kalembedwe kawo kangadwalitse mutu munthu wosunga malamulo a kalembedwe, koma khutu lawo pa nthano ndi lakuthwa. Anthu amenewa akuunika kale, ngakhale sadziwa kuti zimene akuchitazo ndi ntchito yokhala ndi dzina, ndipo mwa iwo ndimo mungachokere olemba masamba amene tikuwafunawa. Mlembi wachinyamata amene anazolowera kumva zoona kuchokera kwa owerenga ake pa foni sangavutike kumvetsa mwambi uja wakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Za Chitonga ndinenepo pang'ono, poti ndi chimene chimayankhulidwa pakhomo m'tauni imene ndatengera chitsanzoyi. Chigamulo cha mu 1968 chinachotsa Chitumbuka pa wailesi ndipo chinasiya ziyankhulo zina zonse kunja kwa sukulu. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994, ndipo patapita zaka zochepa nkhani za m'Chitonga nazo zinayamba kumveka. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi mu 1996, imene udindo wake ndi wa ziyankhulo zonse za m'dziko. Chitonga chili ndi mabuku ake, kuyambira Nthanu za Chitonga la Filemon Chirwa mpaka zimene David Mphande anasonkhanitsa za miyambi ya Atonga, ndiponso dikishonale ya W. Y. Turner ya Chitumbuka, Chitonga ndi Chingerezi ya mu 1952. Tsamba lounika mabuku m'Chichewa lingauze munthu wa ku Ntcheu kapena ku Mulanje kuti mabuku amenewa alipo, ndi kuti nthano zake zikufanana kapena kusiyana motani ndi za kwawo. Ngati eni Chitonga ali ndi mawu awo oposa kuunika pa ntchito imeneyi, atiuze, ndipo palibe choletsa Chichewa kubwereka kwa mnansi monga chinabwerekera kwa Mngerezi ndi Mpwitikizi.

Chatsala ndi kalembedwe ka mneniyu. M'nyuzipepala ndi m'makalata a boma timaona kuunika ndi kuwunika, nthawi zina pa tsamba limodzi, monga momwe mau ndi mawu, kapena kuona ndi kuwona, akhala akulimbirana malo chiyambire malamulo a kalembedwe a mu 1973, amene anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ine ndalemba kuunika m'nkhani yonseyi pofuna kusunga ubale wake ndi muuni, ndiponso potsata dzina la magazini ya ku Nkhoma ija. Amene amakonda w pakati pa malembo aliwu awiri ali ndi mfundo zawo, ndipo zimveke. Koma mawu okhala pamwamba pa tsamba mlungu ndi mlungu sangalembedwe pawiri, choncho akatswiri a ku Centre for Language Studies ndi akonzi a masamba a Chichewa agwirizane chimodzi tsambalo lisanatsegulidwe.